Chitsulo Chikatopa: Kuyesa Moyo wa Masipuling'i a M'zida za M'fakitale



Galimoto imene mwakwera lero, kaya inalumikizidwa ku Japan kaya ku Durban, ili ndi mabawuti ndi manati mazanamazana. Wailesi mukumverayi nayonso ili ndi tisikuluwu take. Ndiye ndikufunseni: anagamula ndani kuti bawuti iyi yamangika mokwana, lekerani pomwepo? Mwina muyankha kuti ndi wantchito wa m'fakitale. Pa mabawuti ochuluka, wantchitoyo sagamula kanthu. Chogamula ndi kasipuling'i kobisika m'mimba mwa chida chimene wagwira m'manja, kosaposa chala chanu kutalika. Lero tikamba za kasipuling'i kameneka, momwe kamayesedwera kuti adziwe utali wa moyo wake, komanso chifukwa chake nkhaniyi ine imandikhudza.

Tiyambe ndi kutsegula chidacho. Chimapachikidwa pamwamba pa wantchito, ndipo chili ndi paipi ya mpweya wochokera ku kompulesa. M'kati muli kamota kozungulira ndi mpweyawo, kutsogolo kwake kuli kilachi. Kilachiyo ndi mbale ziwiri zachitsulo zoyang'anizana, pakati pake pali timipira tachitsulo tokhala m'timaenje. Chimene chimapanikiza mbale ziwirizo kuti zigwirane ndi sipuling'i. Bawuti ikamalowa mosavuta, mbale zonse zimazungulira limodzi. Ikayamba kulimba, timipira tija timafuna kukwera kutuluka m'timaenje, koma kuti tituluke tiyenera kukankha sipuling'i ibwerere m'mbuyo. Mphamvu ikangofika poti sipuling'i singathenso kukana, timipira timalumpha, kandodo kena kamatseka mpweya, chida n'kuima. Wantchito amangomva kuti khethe, basi wapita pa bawuti ina. Amakaniko a m'magalaja athu zimenezi si zachilendo kwa iwo, chifukwa torque wrench imene amamangira mabawuti a injini imagwira chimodzimodzi. Mukapotokola chogwirira chake kuti muike nambala, ndiye kuti mukupanikiza sipuling'i ya m'kati. Khethe uja ndi sipuling'iyo ikugonja.

Tsopano tiwerengere limodzi. Tinene kuti wantchito akumanga bawuti imodzi pa masekondi 10 aliwonse. Pa maola 8 wamanga mabawuti 2,880. Akaweruka, mnzake wa usiku amatenga chida chomwecho, ndiye pa tsiku tafika 5,760. Pa masiku 250 a ntchito pachaka, kasipuling'i kaja kapanikizika n'kubwerera maulendo 1,440,000. Chaka chimodzi chokha. Ndipo pa ulendo womalizawo tikuyembekeza kuti kagonje pa mphamvu yomweyo imene kanagonjera pa ulendo woyamba.

Chiyembekezo chimenechi chili ndi maziko. Mu 1678, Robert Hooke wa ku England anasindikiza lamulo lakuti sipuling'i imatamuka kapena kufupika molingana ndi mphamvu imene yaikidwapo: mukawirikiza katundu, nayo iwirikiza kufupika kwake. N'chifukwa chake sipuling'i imatha kukhala muyezo, m'masikelo opachika ngakhalenso m'zida tikunenazi. Koma lamulo la Hooke likunena za sipuling'i yamoyo. Silinena kuti moyowo udzatha liti.

Sipuling'i imafa mitundu iwiri. Ina imathyoka. Ina sithyoka ayi, imangofooka: imafupika pang'ono, moti pa malo pomwe inkakankha ndi mphamvu yonse tsopano ikukankha moperewera. Mwa ziwirizi, ine imene ndimaiopa ndi yachiwiriyi. Yothyoka imadziulula yokha. Chida chimaleka kugwira, wantchito amakweza dzanja, mzere umaima, amabweretsa china. Nthawi yatayika, inde, koma aliyense wadziwa. Yofooka siuza munthu. Chida chimazungulira bwinobwino, khethe uja amamveka monga mwa masiku onse, koma wabwera msanga, bawuti isanalimbe. Wantchito wagwira ntchito yake mokhulupirika, ndipo bawuti yosamangika yatuluka pageti. Ikakamasuka kutsogoloko, chala chimaloza iye, kuti ankagona pantchito. Ichi ndicho chimandiwawa, ndipo ndicho chifukwa ndikuti moyo wa sipuling'i suyenera kuweruzidwa ndi maso kapena ndi khutu. Uyenera kuwerengedwa ndi kuyezedwa.

Koma tiyambe ndi kuthyokako, poti nako kuli ndi chinsinsi chake. Aliyense amene anapangapo galimoto ya mawaya ali mwana akudziwa kudula waya popanda pulayala. Umaupinda uku, n'kuubweza uku, kupinda, kubweza, mpaka pamalopo patentha, kenaka waya uja thyo. Sunaukoke ndi mphamvu yoti n'kuudula kamodzi. Chaudula ndi kubwereza. Mainjiniya amati chitsulo chatopa. Kusiyana kwake n'kwakuti m'makina chitsulo sichipindika moonekera. Chimangosenza katundu wopepuka n'kutula, kusenza n'kutula, kamng'alu kosaoneka ndi maso n'kumakula pang'onopang'ono mpaka tsiku lake litakwana.

Anthu anazindikira zimenezi movutikira. Ku migodi ya ku Clausthal, m'mapiri a Harz ku Germany, matcheni okwezera miyala ankaduka ngakhale katundu asanapyole muyezo. Mkulu wa migodi kumeneko, Wilhelm Albert, anapanga makina osenzetsa tcheni mobwerezabwereza kuti aone kuti liduka liti, ndipo mavuto a matcheniwa ndi amene anamufikitsa pa kupanga chingwe chopota cha mawaya mu 1834. Kenaka pa 8 May 1842, sitima yapamtunda yochokera ku Versailles kupita ku Paris inachita ngozi pa Meudon. Ekiselo ya injini yakutsogolo inathyoka, mabogi anaunjikana, moto unabuka zitseko zili zokhoma, ndipo anthu oposa 50 anafa. Maekiselo anapitirira kuthyoka m'maiko osiyanasiyana, anthu n'kumangodabwa kuti chitsulo cholimba chotere chikuduka bwanji.

Amene anakhalira pansi nkhaniyi moleza mtima ndi August Wöhler, injiniya wa njanji ku Frankfurt an der Oder. Iye anapanga makina ozungulitsa zitsulo zitasenza katundu wodziwika, n'kumawerenga kuti chilichonse chazungulira kangati chisanathyoke. Zotsatira zake zinaonetsedwa pa chionetsero cha ku Paris mu 1867, ndipo lipoti lake lalikulu linatuluka mu 1870. Anapeza zinthu ziwiri zimene mpaka lero ndi msana wa ntchito yoyesa masipuling'i. Choyamba, chimene chimapha chitsulo kwambiri ndi kukula kwa kusiyana pakati pa kusenza ndi kutula. Chachiwiri, mukamachepetsa katunduyo moyo wa chitsulo umatalika modabwitsa, mpaka mumafika pa mlingo woti chitsulocho chimapirira maulendo mamiliyoni osathyoka. Ndiye mukamva kuti sipuling'i yayesedwa maulendo 10 miliyoni, dziwani kuti mwambo umenewu unachokera ku maekiselo a sitima.

Nanga kuyesako kumachitika bwanji? Tilowe m'chipinda choyesera.

Asanaiike pa makina, sipuling'i iliyonse amaipatsa nambala. Amayeza utali wake ili yomasuka. Kenaka amaipanikiza kufika pa utali woyamba, umene imakhala nawo ikangomangidwa m'chida, n'kulemba mphamvu yake. Amaipanikizanso kufika pa utali wachiwiri, umene imafika kilachi ikamalumpha, n'kulembanso. Manambala atatuwa ndiwo mboni. Akatero amaiika pa makina okhala ndi gudumu lozungulira mopendekera, limene limakankha mbale kutsika ndi kukwera pakati pa mautali awiri aja, ndendende mmene zidzakhalire pantchito. Pambali pali kauntala yowerenga maulendo, ndi kachida kozimitsa makina sipuling'i ikangothyoka. Akafika maulendo 100,000 amaimitsa, kuichotsa, kuyezanso manambala atatu aja. Akafika miliyoni, chimodzimodzi. Apa m'pamene kufooka kumagwidwa, chifukwa sipuling'i ikhoza kutuluka yathunthu, yonyezimira, koma mphamvu yake itatsika kupyola malire amene wogula ndi wopanga anagwirizana pasadakhale. Yotere yalephera mayeso, ngakhale sinathyoke.

Ntchitoyi imafuna kudekha. Makina opanikiza ka 10 pa sekondi amatenga masiku pafupifupi 12, usana ndi usiku, kuti akwanitse maulendo 10 miliyoni. Wina anganene kuti, bwanji osangothamangitsa makinawo? Pali malire. Mukathamangitsa kwambiri sipuling'i imatentha, komanso ikafika pa liwiro lina imayamba kunjenjemera payokha, mapiringidzo ake n'kumagundana. Zikatero ndiye kuti mukuyesa chinthu china, osati chimene chidzachitike m'chida.

Ikathyoka saitaya. Amatenga chidutswa n'kuchiika pansi pa galasi lokulitsa, ndipo apa pali zoona. Waya wa sipuling'i yopiringiza sapindika pamene mukuipanikiza, amapotoka. N'chifukwa chake pothyokapo nthawi zambiri sipakhala podulidwa mowongoka, pamakhala mopendekera, pafupifupi madigiri 45. Mukayang'anitsitsa muona kadontho kumphepete kwa waya, kawirikawiri mbali ya m'kati mwa piringidzo. Ndi pomwe mng'alu unabadwira. Kuzungulira kadonthoko pali malo osalala, nthawi zina okhala ndi timizere tokhota, kusonyeza mmene mng'alu unkayendera, kuima, n'kuyendanso. Kenaka pali malo okhakhala, othyoka mwadzidzidzi, pomwe waya wotsalayo analephera kusenza n'kuduka kamodzi. Malo osalalawo mwina anatenga maulendo mazana a masauzande. Okhakhalawo anatenga kuphethira kumodzi. Za mbali ya m'katiyi anazilongosola bwino ndi A. M. Wahl wa ku kampani ya Westinghouse, amene buku lake la masipuling'i linatuluka mu 1944: waya akapiringizidwa mothina, mbali ya m'kati imasenza katundu woposa ya kunja, ndipo piringidzo likachepa kwambiri vutoli limakula.

Tsopano mvetserani ichi, chifukwa ambiri amaphonya pomwepa. Tengani masipuling'i 20 ochokera pa waya mmodzi, opangidwa tsiku limodzi, muwaike pa makina amodzi. Sathyoka nthawi imodzi. Ina ifa msanga, ina ipirira kuwirikiza kangapo. Kamng'alu kamayambira pa kachilema kakang'ono, ndipo palibe masipuling'i awiri okhala ndi zilema zofanana. Choncho wogulitsa akakuuzani kuti tinayesa imodzi ndipo inafika miliyoni, sanakuuzeni kanthu kogwira mtima. Funsani kuti munayesa angati, ndipo yoyamba kuthyoka inathyoka liti. Waloddi Weibull, injiniya wa ku Sweden, anapereka masamu owerengera kumwazikana kotereku mu 1939, n'kuwafalitsa kwambiri mu 1951. Kuchokera m'masamu amenewa mainjiniya amatchula nambala yotchedwa B10, kutanthauza maulendo amene masipuling'i 10 mwa 100 aliwonse amakhala atafa. Nambala imeneyi ndi yothandiza kuposa ya pakatikati, chifukwa pofika pakatikati pafupifupi theka la zida zanu zaima kale. Fakitale yanzeru imasintha sipuling'i isanafike pa malire amenewa, ikadali yooneka bwino. Wosadziwa amaona ngati n'kuwononga ndalama.

Pali phunziro lina limene ndikufuna tilitenge kwina, ku ndege, chifukwa likukhudza woyesa aliyense. Comet, ndege ya ku Britain, inali jeti yoyamba kunyamula anthu pa maulendo okhazikika. Poiyesa, chigawo cha thupi lake anachipopa mpweya n'kuutulutsa maulendo oposa 16,000, ndipo aliyense anakhutira. Koma pa 10 January 1954 ina inasweka m'mlengalenga pafupi ndi chilumba cha Elba, anthu 35 n'kufa. Pa 8 April chaka chomwecho inanso, imene inali pa ulendo wopita ku Johannesburg, inagwera m'nyanja kufupi ndi Naples ndi anthu 21. Yoyambayo inali itauluka maulendo 1,290 okha, yachiwiriyo 900. Ofufuza ku Farnborough anatenga ndege yathunthu n'kuiika m'thanki la madzi, kuipopa n'kuiphwetsa, mpaka inang'ambika pa ulendo wa 3,057, kuwerengera ndi maulendo amene inali itauluka kale. Nanga mayeso oyamba aja ananama bwanji? China mwa zifukwa zake n'chakuti chigawo chimene anayesa chija anali atachipopa kaye ndi mphamvu yowirikiza kawiri, pofuna kuona ngati chiphulike. Kupopa kopyola muyezoko kunalimbitsa chitsulo m'makona momwe ming'alu imayambira. Ndege zonyamula anthu sizinalandire zimenezo. Anayesa chinthu chosiyana ndi chimene anagulitsa.

Chodabwitsa n'chakuti opanga masipuling'i amachita dala chimene chinachitika mwangozi pa Comet. Sipuling'i yabwino amaipanga yotalikirapo, kenaka amaipanikiza mpaka mapiringidzo onse agundane, kangapo. Imafupika pang'ono n'kukhazikika. Kufooka kumene kukanachitikira m'chida kwachitikiratu kufakitale, ndipo waya watsala wokonzeka kusenza. Njira ina ndi imene amaitcha shot peening: amawomba sipuling'i ndi timipira tachitsulo ting'onoting'ono tochuluka zedi, tothamanga kwambiri. Kampira kalikonse kamasiya kachidindo, ndipo khungu lonse la waya limatsala lopanikizika. Mng'alu umafuna khungu lokokeka kuti utseguke, ndiye pa khungu lopanikizika umavutika kuyamba. John Almen wa ku General Motors ndi amene m'zaka za m'ma 1940 anapeza njira yoyezera kuwombaku, pogwiritsa ntchito kachitsulo kopyapyala kamene kamakhota molingana ndi mphamvu ya timipira. Mpaka lero kachitsuloko kamadziwika ndi dzina lake. Vuto ndi ili: sipuling'i yowombedwa ndi yosawombedwa, mukaziika padzanja, munthu wamba sangazisiyanitse. Ngati zoyesedwa zinawombedwa koma zotumizidwa m'bokosi sizinawombedwe, ndiye kuti pepala la mayeso likunena za masipuling'i ena. N'chifukwa chake oyesa osamala amatola masipuling'i awo m'bokosi lomwelo limene likupita kukamangidwa m'zida, osati amene wopanga wasankha yekha.

Chipinda choyesera chimakhala chouma ndi chaukhondo. Fakitale sikhala choncho. Kompulesa imatulutsa mpweya wonyowa, ndipo ngati madzi a m'thanki sakhetsedwa amayenda m'paipi mpaka m'chida. Dzimbiri likangoboola kadzenje pa waya, mng'alu wapeza khomo, ndipo mlingo uja wa Wöhler, woti chitsulo chipirira mpaka kalekale, sugwiranso ntchito. Ndiye masipuling'i ena amawaika m'bokosi la nkhungu ya mchere, madzi okhala ndi magawo 5 a mchere pa 100 aliwonse, pa kutentha kwa madigiri 35, kwa maola ambiri, kuti aone ngati chokutira chake chikuteteza. Chokutiracho nachonso chili ndi msampha. Pokuta chitsulo cholimba ndi zinki pogwiritsa ntchito magetsi, mpweya wa haidrojeni umalowerera m'chitsulo n'kuchisandutsa chophweka kusweka. Sipuling'i yotere ikhoza kuthyoka ili chikhalire, patangopita maola kapena masiku itamangidwa. Mankhwala ake n'kuiwotcha mu uvuni pa madigiri pafupifupi 200 kwa maola angapo, mwamsanga ikangokutidwa. Kutentha kwa pantchito nako kumafulumizitsa kufooka. Waya wotchedwa music wire, yemwe ndi wabwino kwambiri pa masipuling'i ang'onoang'ono, sayenera kupyola madigiri pafupifupi 120. Kotentha kuposa apo amasankha chitsulo chosakaniza ndi chrome ndi silicon. Poyesa zimenezi amamanga sipuling'i ili yopanikizika, kuiika mu uvuni kwa maola oikika, kenaka n'kuyeza mphamvu imene yatayika.

Ndipatuke pang'ono, ndinene za masipuling'i akuluakulu a m'makina odinda ndi kuboola malata, aja opangidwa ndi waya wamakona n'kupakidwa utoto. Utotowo ndi chizindikiro cha mphamvu. Pa muyezo wa ISO 10243, wobiriwira ndi wa katundu wopepuka, wabuluu wapakati, wofiira wolemera, wachikasu wolemera zedi. Koma pa muyezo wa ku Japan, wachikasu ndiye wopepukitsitsa, wobiriwira ndi wolemera. Kwa ife amene makina athu ena anachokera ku Japan, ena ku Ulaya, ena ku South Africa, kugula sipuling'i poyang'ana utoto wokha n'kudziika m'mavuto. Komanso imodzi ikathyoka m'gulu, sinthani gulu lonse. Zinzakezo zayenda ulendo womwewo, ndipo yatsopano pakati pa zofooka imasenza katundu woposa n'kupendeketsa mbale.

Tibwerere ku chida chathu chomangira. Kuyesa sipuling'i payokha n'koyambira chabe, chifukwa m'chida muli zina zimene zimatha: timipira, timaenje, girisi. Ndiye chida chathunthu nacho amachiyesa. Amachiika pa bawuti yoyeserera yolumikizidwa ku kachida koyeza mphamvu, n'kumanga maulendo makumi angapo, pa bawuti yolimba mwadzidzidzi komanso pa ina yolimba pang'onopang'ono ngati pali gasiketi. Amaona ngati manambala akugwera pa malo oyenera, komanso ngati ali pafupipafupi. Sipuling'i yofooka imatsitsa manambala onse pamodzi. Kilachi yakutha imawamwaza. Pa zida za pamanja, muyezo wa ISO 6789 umanena kuti ngati mulibe ndondomeko yanuyanu, torque wrench iyesedwe pakatha miyezi 12 kapena ikagwira maulendo 5,000, chimene chayamba kukwana. Yaikulu yolira khethe imaloledwa kuphonya ndi magawo 4 okha pa 100. Kumbukirani masamu athu aja: pa mzere wa m'fakitale maulendo 5,000 amakwana tsiku limodzi. N'chifukwa chake mafakitale amakhala ndi ndondomeko zawo, ndipo m'malo ambiri zida zimayesedwa pa ngolo yoyezera imene imayendayenda pa mzere pomwepo.

Pa mabawuti ogwira moyo wa munthu, monga a mabuleki, a chiwongolero ndi a malamba a mipando, mafakitale amakono a magalimoto anasamukira ku zida zamagetsi zoyeza mphamvu pa bawuti iliyonse n'kusunga nambala yake mu kompyuta. Kumeneko sipuling'i inalandidwa udindo wogamula. Koma sikuti yachoka m'fakitale. Ili m'chogwirira chimene chala chimadina. Ili m'mfuti ya maliveti, ikukankha timano togwira msomali. Ili m'chopachikira chimene chimanyamula kulemera kwa chida kuti phewa la wantchito lisathe. Ilinso m'timapini ting'onoting'ono toyesera mabodi a mafoni ndi mawailesi, ndipo kapini kamodzi kakafooka bodi yabwino imatayidwa ngati yowonongeka.

Kwa inu amakaniko amene mukumvera muli pansi pa galimoto, nkhaniyi ndi yanunso. Mukamaliza ntchito, bwezani chogwirira cha torque wrench pa nambala yotsikitsitsa, sipuling'i isagone yopanikizika miyezi. Musamasulire nayo mabawuti ouma. Ikagwa pansi pa simenti, musaikhulupirire mpaka iyesedwe. Ku Malawi, bungwe la Malawi Bureau of Standards ndi limene limayang'anira za miyezo, ndipo ndi koyenera kukafunsa za kuyezetsa zida. Pamene mukudikira, pali njira yodziwira ngati yasokera kwambiri. Panani mutu wake pa vaisi, mkono wake ugone mopingasa. Yezani kuchokera pakati pa mutu kufika pakati pa chogwirira. Ngati ndi theka la mita, katundu wa makilogalamu 20 wopachikidwa pamenepo amapereka mphamvu ya manyutoni-mita 98. Ikani nambala 98, pachikani katunduyo modekha, osamugwetsera. Iyenera kulira pomwepo kapena pafupi pomwepo. Mukaika 110 koma n'kulirabe ndi katundu yemweyo, sipuling'i yanu yafooka, ndipo mabawuti amene mwakhala mukumanga akhala osakwana. Njira imeneyi silowa m'malo mwa kuyezetsa kwenikweni, koma imakuchenjezani.

Ndatchula mabawuti amene mwakhala mukumanga, ndipo apa m'pamene pali mtengo weniweni wa sipuling'i. Kasipuling'i kenikeniko n'kotchipa. Chodula ndi funso limene limabwera chida chikapezeka kuti chasokera: chinayamba liti? Palibe amene angaloze tsiku. Chimene fakitale ingachite n'kutsegula buku, kuona tsiku lomaliza limene chidacho chinayesedwa n'kupezeka chili bwino, ndipo chilichonse chimene chamangidwa kuyambira tsiku limenelo chimakhala chokayikitsa. Ngati anayesa m'mawa, abweza katundu wa tsiku limodzi, ali m'bwalo la fakitale, n'kumanganso. Ngati anayesa miyezi itatu yapitayo, katunduyo ali kale m'sitima zapanyanja, m'mashopu ndi m'misewu, ndipo ayenera kulembera eni ake mmodzimmodzi. Ngati bukulo kulibe, palibe pomwe angayambire kuwerenga.

Ndiye inu a kapitawo, inu oyang'anira malo okonzera makina, chida chilichonse chikhale ndi nambala yake ndi tsamba lake. Palembedwe tsiku limene sipuling'i inalowa, bokosi limene inachokera, maulendo amene yagwira, ndi nambala imene inaonetsa poyesedwa komaliza. Bawuti ikapezeka yomasuka, musanaitane wantchito ku ofesi, yambani mwatenga chida chake n'kuchiika pa choyezera.